Jacobus Henricus van 't Hoff

Jacobus Henricus van 't Hoff (30 Ogasiti 1852 – 1 Marichi 1911) anali katswiri wa kemisitiri wa ku Netherlands, ndipo ndiye munthu woyamba kulandira mphoto ya Nobel pa kemisitiri m'chaka cha 1901. Amadziwika kwambiri chifukwa chofotokoza kuti maatomu a m'molekyu sakhala mophwathalala monga mmene amajambulidwira papepala, koma amakhala ena kutsogolo, ena kumbuyo, ena pamwamba, ena pansi. Potsatira ganizo limeneli, mu 1875 ananeneratu mmene ayenera kukhalira makemikolo a kaboni okhala ndi mabondi apawiri ondondozana, amene masiku ano amatchedwa allene ndi cumulene. Zimene ananenazo zinatsimikizidwa mu 1935, patapita zaka 24 iye atamwalira. Van 't Hoff amawerengedwanso pa gulu la anthu amene anayambitsa nthambi ya sayansi yolumikiza kemisitiri ndi fizikisi.

Ubwana ndi maphunziro

Van 't Hoff anabadwira mumzinda wa Rotterdam. Anali wachitatu m'banja la ana asanu ndi awiri. Bambo ake, amene dzina lawo linalinso Jacobus Henricus, anali dokotala, ndipo mayi ake anali Alida Kolff. Ali mnyamata ankakonda masamu, kuyesa makemikolo ndiponso kuwerenga ndakatulo, makamaka za Lord Byron.

Mu 1869 analowa sukulu ya zaumisiri ya ku Delft, ndipo maphunziro a zaka zitatu anawamaliza m'zaka ziwiri zokha, mu 1871. Pa nthawi ya tchuthi anagwirako ntchito pa fakitale ya shuga. Ntchitoyo inali yobwerezabwereza tsiku ndi tsiku ndipo inamugwetsa ulesi, moti anaganiza zosiya za m'mafakitale n'kuika mtima pa kafukufuku wa sayansi. Anakakhala chaka chimodzi ku yunivesite ya Leiden, kumene ankaphunzira makamaka masamu. Mu 1872 anapita ku Bonn, m'dziko la Germany, kukaphunzira kwa August Kekulé, kenako mu 1874 anapita ku Paris kwa Charles Adolphe Wurtz. Ku Paris anadziwana ndi wophunzira mnzake Joseph Achille Le Bel. Digiri ya udokotala anailandira ku yunivesite ya Utrecht mu Disembala 1874, ali ndi zaka 22.

Vuto limene linkazunguza akatswiri

Mu 1858 Kekulé anali atafotokoza kuti atomu iliyonse ya kaboni imalumikizana ndi maatomu ena kudzera m'zilumikizo zinayi. Chilumikizo chotere m'kalasi chimatchedwa bondi, ndipo papepala chimajambulidwa ngati kamzere. Kujambula kotereku kunathandiza kwambiri, koma panali zinthu zina zimene sikunkatha kufotokoza.

Kuyambira cha m'ma 1815, Jean-Baptiste Biot anaona kuti kuwala kosefedwa, kumene mafunde ake amagwedezekera mbali imodzi yokha, kumapotoka kukadutsa m'makemikolo ena, monga madzi a shuga. Ena amakupotolera kumanja, ena kumanzere. Mu 1848 Louis Pasteur anapeza kuti mchere wa asidi wa tartaric umapanga timiyala ta mitundu iwiri, wina wooneka ngati chithunzi cha unzake pagalasi, ndipo mitundu iwiriyo imapotoza kuwala mosiyana. Kenako Johannes Wislicenus anayerekeza asidi wa lactic wa mumkaka wosasa, monga chambiko, ndi asidi wa lactic wa m'minofu ya nyama. Anapeza kuti onse awiri ali ndi maatomu ofanana, olumikizana mofanana, komabe wa m'minofu ankapotoza kuwala pamene wa mumkaka sankatero. Mu 1873 Wislicenus anavomereza kuti kusiyanako kuyenera kukhala pa mmene maatomuwo akhalira m'malo awo, koma sanafotokoze kuti akhala motani.

Kabuku ka mu 1874

Mu Seputembala 1874, miyezi itatu asanalandire digiri yake, van 't Hoff anasindikiza kabuku kakang'ono m'Chidatchi, ka masamba 12 ndi tsamba limodzi la zithunzi. M'kabukuko anafotokoza kuti mabondi anayi a kaboni amaloza ku ngodya zinayi za chinthu chotchedwa tetrahedron, kaboniyo ili pakati. Tetrahedron ingayerekezedwe ndi mafuwa atatu oikidwa pansi, ndi mwala wachinayi wolenjekeka pamwamba pawo, mtunda wa pakati pa miyala yonse inayi uli wofanana. Ngodya ya pakati pa mabondi awiri alionse imakhala pafupifupi madigiri 109.5.

Umboni wake unali wa kuwerengetsa. Mabondi anayi akanakhala ophwathalala ngati mtanda, kaboni yokhala ndi maatomu awiri a haidrojeni ndi awiri a klorini ikanapezeka m'mitundu iwiri, wina maklorini atayandikana, wina atayang'anizana. Koma kemikolo imeneyi imapezeka mwa mtundu umodzi wokha, ndipo tetrahedron imapereka mtundu umodzi womwewo. Kaboni ikakhala ndi tizigawo tinayi tosiyana tonse, tetrahedron imapereka mitundu iwiri imene ili ngati dzanja lamanja ndi lamanzere. Zala zake n'zofanana, koma nsapato ya kumanzere sikwana phazi lakumanja. Van 't Hoff anaonetsa kuti makemikolo opotoza kuwala amene mamangidwe awo ankadziwika pa nthawiyo anali ndi kaboni yotereyi. Asidi wa mumkaka uja sankapotoza kuwala chifukwa munali mitundu yonse iwiri yochuluka mofanana, wina n'kumafafaniza mphamvu ya unzake.

Mu Novembala chaka chomwecho Le Bel anasindikiza maganizo ofanana, atawapeza payekha. Anthu awiriwa sanakanganirane ulemu, ndipo mu 1893 bungwe la Royal Society la ku London linawapatsa limodzi mendulo ya Davy.

Bondi yapawiri

Van 't Hoff anapitiriza ganizo lake mpaka pa maatomu awiri a kaboni olumikizana ndi mabondi awiri nthawi imodzi, zimene zimalembedwa C=C. Bondi imodzi anaiona ngati ma tetrahedron awiri okhudzana pa nsonga, amene angathe kuzungulira momasuka. Bondi yapawiri anaiona ngati ma tetrahedron awiri ogundana m'mphepete monse, moti sangazungulire. Pa chifukwa chimenechi, tizigawo tinayi tolumikizidwa ku makaboni awiriwo timakhala pa thyathyathya limodzi ndipo sitisinthana malo. Tizigawo tiwiri tofanana tingakhale mbali imodzi, zomwe zimatchedwa cis, kapena mbali zosiyana, zomwe zimatchedwa trans. Umu ndi mmene anafotokozera kusiyana kwa asidi wa maleic ndi asidi wa fumaric, amene ali ndi maatomu ofanana koma woyambayo amasungunuka msanga m'madzi pamene wachiwiriyo amavuta kusungunuka.

Kusiyana kumeneku kumaoneka ngakhale pa zinthu zogwirika. Utomoni umene umakololedwa ku mitengo ya mphira ya ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay pamsewu wopita ku Chintheche, uli ndi mamolekyu ataliatali amene mabondi awo apawiri ndi a mtundu wa cis. Mamolekyuwo amapindikapindika, n'chifukwa chake mphira amatamuka. Utomoni wina wotchedwa gutta-percha, wochokera ku mitengo ya kum'mwera chakum'mawa kwa Asia, uli ndi maatomu omwewo koma mabondi ake ndi a mtundu wa trans, ndipo ndi wolimba, sutamuka. Zimenezi zinadziwika van 't Hoff atamwalira, koma zimafotokozedwa ndi lamulo lake lomwe lija.

Mabondi apawiri ondondozana

Molekyu ikakhala ndi mabondi apawiri oposa imodzi, angakhale m'njira zitatu. Angatalikirane, monga mumphira. Angasinthane ndi mabondi amodziamodzi, motere: C=C–C=C. Kapena angandondozane popanda chowalekanitsa, motere: C=C=C. Makemikolo a mtundu wachitatuwu amatchedwa allene akakhala ndi mabondi apawiri awiri, ndipo dzina loti cumulene limagwiritsidwa ntchito makamaka mabondiwo akakhala atatu kapena kuposerapo. Allene yosavuta kwambiri ndi propadiene, mpweya woyaka wokhala ndi makaboni atatu ndi mahaidrojeni anayi, H2C=C=CH2. Kaboni yapakati ilibe haidrojeni, chifukwa mabondi ake onse anayi athera pa makaboni awiri oyandikana nayo.

Mu 1875 van 't Hoff anakulitsa kabuku kake n'kukatulutsa m'Chifalansa ndi mutu wakuti La chimie dans l'espace. M'bukuli anandanda ma tetrahedron atatu, lapakati litagundana ndi anzake awiri m'mphepete ziwiri zoyang'anizana. Mphepete ziwiri zoyang'anizana za tetrahedron zimakhala mopingasana, ina chogona ina choimirira. Choncho makaboni atatu a allene amakhala pamzere wowongoka, koma tizigawo tiwiri ta kumapeto kumodzi timakhala chogona pamene tiwiri ta kumapeto kwinako timakhala choimirira, kusiyana kwake kuli madigiri 90. Zili ngati ndodo imene yakhomedwa kathabwa kumapeto kulikonse, kena chafufumimba, kena cham'mbali.

Apa van 't Hoff anaona chinthu chimene palibe anali atachiganizira. Kumapeto kulikonse kukakhala tizigawo tiwiri tosiyana, molekyu yonseyo ndi chithunzi chake cha pagalasi sizingafanane ngakhale zitatembenuzidwa motani. Ndiye kuti allene yotere iyenera kupezeka m'mitundu iwiri, wamanja ndi wamanzere, ndipo iyenera kupotoza kuwala, ngakhale ilibe kaboni ngakhale imodzi yokhala ndi tizigawo tinayi tosiyana. Anaonanso kuti bondi yapawiri iliyonse yowonjezedwa pamzerewo imatembenuza mapetowo ndi madigiri ena 90. Mabondi akakhala awiri kapena anayi, mapeto amapingasana ndipo pamakhala mitundu ya manja ndi manzere. Akakhala atatu kapena asanu, mapeto amabwerera pa thyathyathya limodzi ndipo pamakhala mitundu ya cis ndi trans, monga pa bondi yapawiri imodzi.

Pa nthawiyo kunalibe kemikolo imene akanayesera zimenezi. Ulosiwu unali wofunika chifukwa ukanatha kugwetsa chiphunzitso chonse. Allene yotere ikanapangidwa n'kupezeka kuti ndi ya mtundu umodzi wokha, zikanatanthauza kuti ganizo la tetrahedron ndi lolakwika kapena ndi loperewera.

Kutsutsidwa ndi ntchito ya ku Amsterdam

Atamaliza maphunziro, van 't Hoff anakhala chaka choposa chimodzi osapeza ntchito yokhazikika. Pa nthawiyi anapanga ma tetrahedron a makatoni n'kuwatumiza kwa akatswiri otchuka kuti aone ndi maso zimene ankanena. Mu 1876 analembedwa ntchito yophunzitsa pa sukulu ya madokotala a ziweto ku Utrecht. Mu 1877 buku lake linatuluka m'Chijeremani, Wislicenus atalemba mawu oyamba.

Chaka chomwecho Hermann Kolbe, pulofesa wotchuka wa ku Leipzig, analitsutsa mwaukali. Kwa Kolbe, kukamba za malo a maatomu amene palibe munthu anawaonapo kunali kulota chabe osati sayansi, ndipo ananyozanso van 't Hoff chifukwa chogwira ntchito pa sukulu ya ziweto. Panalinso akatswiri ena amene ankakayikira ngati maatomu alipodi. Koma kunyoza kwa Kolbe kunachititsa kuti anthu ambiri alifunefune bukulo.

Mu 1877 van 't Hoff anasamukira ku yunivesite ya Amsterdam, ndipo mu 1878 anakhala pulofesa wa kemisitiri, miyala ndi nthaka. Nkhani imene anakamba polandira udindowu inali yokhudza kufunika kwa luso loona zinthu m'maganizo pa ntchito ya sayansi. Chaka chomwecho anakwatira Johanna Francina Mees, ndipo anabereka ana anayi, aakazi awiri ndi aamuna awiri.

Liwiro la makemikolo ndi osmosis

Ku Amsterdam van 't Hoff anatembenukira ku mafunso ena. M'buku la mu 1884 lotchedwa Études de dynamique chimique anafotokoza mmene angayezere liwiro limene makemikolo amasinthira akasakanizidwa, ndiponso mmene kusinthako kumafikira poima, pamene kupita kutsogolo ndi kubwerera m'mbuyo kwalingana. Iye ndiye anayambitsa chizindikiro cha mivi iwiri yoloza mosiyana chimene ophunzira amalemba mpaka lero. Anaonanso kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, kusintha kwa makemikolo ambiri kumafulumira kawiri kapena katatu. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nsomba za m'mphepete mwa nyanja zimaonongekera msanga m'mwezi wa Okutobala kusiyana ndi mu Juni, ndiponso chimene ayezi amazisungira.

Mnzake Hugo de Vries, katswiri wa zomera, anamuuza za miyezo imene Wilhelm Pfeffer anapanga pa osmosis. Osmosis ndi kuyenda kwa madzi kudutsa kachikopa kopyapyala, kuchoka kumene kuli mchere kapena shuga wochepa kupita kumene kuli wambiri. Ndi zimene zimachitika mchere ukathiridwa pa matimati odula n'kuyamba kutuluka madzi, ndipo ndi njira imene mizu imamwera madzi m'nthaka. Cha m'ma 1885 van 't Hoff anaonetsa kuti mphamvu ya osmosis m'madzi osungunulira zinthu pang'ono imatsata lamulo lofanana ndi la mipweya. Mchere unkapereka mphamvu yoposa imene lamulolo linkanena, choncho anawonjezera nambala yokonzera imene imalembedwa ndi chilembo i. Mu 1887 Svante Arrhenius wa ku Sweden anafotokoza chifukwa chake: mchere ukasungunuka umagawika m'tizidutswa tokhala ndi mphamvu ya magetsi, ndipo kachidutswa kalikonse kamawerengedwa pakokha. Chaka chomwecho van 't Hoff ndi Wilhelm Ostwald anayambitsa magazini ya sayansi yotchedwa Zeitschrift für physikalische Chemie.

Berlin, mphoto ya Nobel ndi imfa

Ntchito yophunzitsa ndi kuyesa mayeso ku Amsterdam inkamudyera nthawi yambiri. Mu 1896 anavomera kusamukira ku Berlin monga membala wa bungwe la sayansi la Prussia komanso pulofesa waulemu, kumene ankaphunzitsa pang'ono chabe. Kumeneko anatha zaka zoposa khumi akufufuza migodi ya mchere ya ku Stassfurt, imene inapangika nyanja yakale itauma. Ankafuna kudziwa kuti ndi mchere uti umayamba kuuma, uti umatsatira, ndipo pa kutentha kotani. Kafukufukuyu anathandiza makampani okumba potashi, amene amagwiritsidwa ntchito popanga feteleza.

Pa 10 Disembala 1901 analandira mphoto yoyamba ya Nobel pa kemisitiri mumzinda wa Stockholm. Mphotoyo anapatsidwa chifukwa cha malamulo a kusintha kwa makemikolo ndi a osmosis, osati chifukwa cha tetrahedron. M'zaka zake zomaliza anadwala chifuwa chachikulu, matenda amene pa nthawiyo analibe mankhwala ochiza. Anamwalira pa 1 Marichi 1911 ku Steglitz, pafupi ndi Berlin, ali ndi zaka 58.

Kutsimikizika kwa ulosi wa allene

Pamene van 't Hoff ankamwalira, akatswiri ambiri anali atavomereza tetrahedron, koma zimene ananena za allene zinali zisanayesedwe bwinobwino. Anthu angapo anayesa koma analephera. Ma allene ndi ovuta kupanga, ndipo ambiri sachedwa kusintha n'kukhala makemikolo ena okhazikika, mabondi awo apawiri atasuntha malo. Ngakhale akapangidwa, mitundu iwiri ija imatuluka yochuluka mofanana, ndipo kuilekanitsa n'kovuta chifukwa imasungunuka ndi kuwira pa kutentha kofanana.

Mu 1935 Peter Maitland ndi William Hobson Mills a ku yunivesite ya Cambridge anapambana. Anatenga kemikolo ya m'gulu la alcohol n'kuichotsa madzi pogwiritsa ntchito asidi wopangidwa kuchokera ku camphor, amene iye mwini ndi wa dzanja limodzi. Asidiyo anachititsa kuti mtundu umodzi wa allene uchuluke pang'ono kuposa unzake, ndipo iwo anaupatula. Allene imeneyo inapotoza kuwala mwamphamvu. Chaka chomwecho Elmer Kohler ndi anzake a ku yunivesite ya Harvard analekanitsa mitundu iwiri ya allene ina pogwiritsa ntchito njira yosiyana. Panali patapita zaka 60 chilembedwere ulosiwo. Gawo lachiwiri, lonena za mitundu ya cis ndi trans pa mabondi atatu ondondozana, linatsimikizidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi Richard Kuhn ndi anzake ku Heidelberg.

Kufunika kwa ntchito yake lero

Poyamba ma allene ankaonedwa ngati zinthu za mulabotale basi, koma pambuyo pake anapezeka m'chilengedwe, ndipo odziwika panopa ndi oposa 100. Neoxanthin, utoto wachikasu umene umabisika m'masamba obiriwira a zomera, uli ndi gulu la C=C=C. Momwemonso fucoxanthin, utoto umene umathandiza tizomera tosaoneka ndi maso totchedwa diatom kukola kuwala kwa dzuwa. Tizomera timeneti timapezeka tambiri m'nyanja ya Malawi, ndipo ndi chakudya cha tizilombo ting'onoting'ono ta m'madzi timene usipa umadya. Mpweya wa carbon dioxide, O=C=O, nawonso uli ndi mabondi apawiri ondondozana, kungoti kumapeto kwake kuli okosijeni, ndipo molekyu yake ndi yowongoka ngati ya allene.

Nkhani ya mamolekyu a manja ndi manzere ndi yofunika kwambiri pa zachipatala. Mapuloteni a m'thupi amapangidwa ndi tizigawo ta dzanja limodzi, choncho thupi limasiyanitsa mitundu iwiri ya mankhwala omwewo. Mtundu umodzi ungachize pamene winawo sugwira ntchito kapena umavulaza, ndipo opanga mankhwala amayenera kuyeza mtundu uliwonse pawokha.

Dzina la van 't Hoff linaperekedwa ku lamulo lofotokoza mmene kutentha kumasunthira malo oimira kusintha kwa makemikolo, ku nambala ya i ya osmosis, ndiponso ku chigwa china cha kumwezi. Ena mwa ma tetrahedron a makatoni amene anapanga mu 1875 akusungidwa ku Museum Boerhaave mumzinda wa Leiden.